Mankhwala ndi oyenera, mlingo ndi wokwanira, koma mabakiteriya ena safa

Amene timagwira ntchito yoyeza mabakiteriya mu labotale timalandira funso ili mobwerezabwereza kuchokera kwa madokotala ndi anamwino: "Pepala lanu linati kachilomboka kamamva mankhwala awa. Wodwala wamwa onse osadumphitsa. Nanga matenda abwereranji?" Tikayezanso timapeza bakiteriya yemwe uja, ndipo akumvabe mankhwala omwe aja. Sikuti pepala linanama, kapena kuti wodwala anachita mphwayi. Kuyeza kwa masiku onse kumatiuza mlingo wa mankhwala umene umaletsa mabakiteriya kuchulukana. Sikutiuza kuti atenga maola angati kuti afe, kapena ngati afe onse.

Taonani mmene timapezera nambala yotchedwa MIC. Timatenga mbale ya timabowo 96, m'bowo lililonse n'kuikamo msuzi wa Mueller-Hinton wokhala ndi mabakiteriya pafupifupi 500,000 pa mililita imodzi. Mankhwala timawaika mowirikiza kawiri kuchoka pa bowo lina kupita pa linzake: mamaikulogalamu 0.25, 0.5, 1, 2, 4 pa mililita, kumangokwera choncho. Mbaleyo imagona pa madigiri 35 kwa maola 16 mpaka 20. M'mawa timafufuza bowo loyamba limene msuzi wake sunachite mbuu, ndipo mlingo wa m'bowo limenelo ndiwo MIC. Koma msuzi ukakhala woyera ndiye kuti mabakiteriya sanachulukane, basi. Mwina afa, mwina angokhala phee, ali moyo.

Bakiteriya wosamva mankhwala ndi amene anthu ambiri amamudziwa. Majini ake asintha, kapena walandira jini kwa mnzake, moti amapanga enzaimu yophwanya penicillin, kapena amapopera mankhwala kunja, kapena wasintha malo amene mankhwala amagwira. Ameneyu amachulukana mankhwala ali pomwepo, MIC yake imakwera, ana ake onse amatengera, ndipo labotale imamugwira mosavuta. Kupirira mankhwala n'kwina. MIC siisuntha, mabakiteriya sachulukana mankhwala akakhalapo, koma amafa mochedwa kwambiri. Ndiye pali ma persister, kagulu kochepa m'kati mwa khamu la mabakiteriya ofanana majini, kamene kamatsala anzawo onse atafa. Mankhwala akachoka kaguluka kamadzuka n'kudzazanso malo, ndipo ana ake amafa ndi mankhwala omwe aja ngati mmene anafera oyamba.

Si zachilendo ayi. Mu 1942 Gladys Hobby ndi anzake anaona kuti penicillin amapha mabakiteriya amene akuchulukana, koma oima amawasiya. Mu 1944 Joseph Bigger analemba m'magazini ya The Lancet kuti penicillin sankatha kupha Staphylococcus yense m'botolo; ankatsala ochepa kwambiri, ndipo akawadzalanso ankamva penicillin ngati kale. Iyeyu ndi amene anawatcha ma persister. Kwa zaka pafupifupi 40 nkhaniyi inangokhala pambali, maso onse ali pa mabakiteriya osamva mankhwala.

Chifukwa chake bakiteriya woima safa chili m'mene mankhwalawa amaphera. Ambiri sapha okha, amasandutsa ntchito ya selo kukhala poizoni. Bakiteriya akamakula amadula khoma lake pang'onopang'ono n'kumalowetsamo zomangira zatsopano. Penicillin ndi ampicillin amagwira ma enzaimu omanga, odula aja n'kumapitiriza, khoma limafooka ndipo selo limaphulika. Ciprofloxacin amagwira enzaimu ya gyrase pa nthawi imene yadula DNA, n'kuiletsa kulumikizanso. Gentamicin amafuna mphamvu ya magetsi ya pa khungu la selo kuti alowe, ndipo akalowa amasokoneza ribosome, fakitale ya mapuloteni ya selo, kuti izipanga mapuloteni opotoka. Zili ngati ndodo yolowetsedwa m'masipoko a njinga: njinga ikuthamanga wokwera amagwa chamutu, koma itaima palibe chimene chimachitika. Mu 1986 Elaine Tuomanen ndi anzake anaonetsa kuti liwiro limene mankhwala a banja la penicillin amaphera E. coli limatsatira ndendende liwiro limene bakiteriyayo akukulira. E. coli ali m'chakudya chambiri pa madigiri 37 amagawikana mphindi 20 zilizonse. M'thupi la munthu malo ambiri sali choncho.

Chimene chimaimitsa selo

Njala ndiyo imayambitsa zambiri. Ma amino acid, zomangira mapuloteni, akasowa, tRNA imene imawanyamula imafika pa ribosome yopanda katundu, ndipo puloteni ya RelA, yomwe imakhala pomwepo, imayamba kupanga kamolekyu kotchedwa ppGpp. Michael Cashel ndi Jonathan Gallant ndi amene anakaona koyamba mu 1969. Kamolekyuka kakachuluka, selo limasiya kupanga ma ribosome atsopano, limachepetsa kumanga khoma ndi kukopera DNA, mphamvu zotsalazo n'kuzitembenuzira ku kudzisunga. Kamakwezanso puloteni ya RpoS, imene imatsegula majini mazanamazana: catalase yophwanya hydrogen peroxide, Dps yokuta DNA, ma enzaimu opanga shuga wa trehalose woteteza selo ku kutentha ndi kuuma. N'chifukwa chake bakiteriya amene wakhala ndi njala amalimbanso ku kutentha, ku asidi ndi ku mankhwala amene sanakumanepo nawo. Vuto limodzi limamukonzekeretsa mavuto ena ambiri. Aliyense woyesa mankhwala kapena njira yophera tizilombo pa mabakiteriya onenepa a m'msuzi watsopano azidziwa kuti akuyesa pa ofooka kwambiri.

Pali njira zinanso zoyang'ana vuto limodzilimodzi. Kukatentha, mapuloteni a DnaK ndi GroEL amapindanso mapuloteni opindika molakwika. Mu asidi, E. coli amasandutsa glutamate kukhala GABA n'kuitulutsa, zomwe zimamuthandiza kudutsa m'mimba mwa munthu ali moyo, pamene Helicobacter pylori amagwiritsa ntchito urease kupanga ammonia. Izi n'zodziwika bwino, sitichedwapo.

Pofunika kuchedwa ndi pa mankhwala enieniwo, chifukwa nawonso amadzutsa chitetezo. Ciprofloxacin akadula DNA, puloteni ya RecA imamatirira pa zidutswazo n'kuchititsa LexA kudzidula yokha. LexA ndiyo imatsekera majini okonza DNA, choncho ikachoka majini oposa 40 a E. coli amatseguka nthawi imodzi. Izi ndi zimene zimatchedwa SOS. Imodzi mwa majiniwo imapanga SulA, yoletsa selo kugawikana mpaka DNA itakonzedwa. Mukatenga dontho la msuziwo pakatha maola awiri kapena atatu n'kuika pa maikulosikopu, m'malo mwa timitengo tifupitifupi mudzaona tizingwe titalitali topindika, tina totalika kuwirikiza kakhumi kapena kuposa. Jini ina imapanga TisB, kapuloteni kakang'ono kamene kamaboola khungu la selo, mphamvu ya magetsi ija n'kutsika, ATP, kamolekyu konyamula mphamvu ya selo, n'kuchepa, selo n'kugona. Gulu la Kim Lewis linaonetsa zimenezi mu 2010. Ndiye kuti mankhwala omwe akupha ambiri akugonekanso ochepa. Ndipo SOS yomweyo imatsegula ma enzaimu okopera DNA amene amalakwitsa kawirikawiri, motero mwayi woti pabadwe bakiteriya wosamva mankhwala umakwera.

Za jini yoyamba ya ma persister, Harris Moyed ndi Kevin Bertrand anaipeza mu 1983 ndipo anaitcha hipA. HipA ndi poizoni amene selo limadzipangira, ndipo nthawi zambiri amakhala womangidwa ndi mnzake HipB. Akamasuka amalemaza GltX, enzaimu yosenzetsa glutamate pa tRNA, selo n'kuganiza kuti kuli njala ngakhale chakudya chilipo, ppGpp n'kukwera. Mtundu wa hipA7 umachulukitsa ma persister mpaka kufika pa mmodzi mwa 100. Mu 2004 Nathalie Balaban ndi anzake anajambula maselo limodzilimodzi m'timipata ting'onoting'ono, ndipo anaona kuti amene anapulumuka ampicillin anali ataima kale mankhwala asanafike. Koma apa tichenjezane. Panali nthawi imene ambiri ankakhulupirira kuti ma persister onse a E. coli amachokera ku mapoizoni a mtundu umenewu, ndipo kafukufuku wina wotchuka wonena zimenezi anabwezedwa mu 2018 zitadziwika kuti mabakiteriya ena amene anagwiritsidwa ntchito anali ndi vairasi ya phi80. Mmene ife tikuonera, palibe jini imodzi yosunga chinsinsi chonse. Chilichonse chotsitsa ATP ndi kuimitsa ntchito za selo chingapange persister, ndipo n'chifukwa chake kuchotsa jini imodzi sikuwathetsa.

Kuyeza kwake

Chimene chimasonyeza kupirira ndi kuwerenga amoyo nthawi ikamapita. Dzalani colony imodzi (kadontho ka mabakiteriya komera pa mbale) mu msuzi wa LB, igone usiku pa madigiri 37 ikugwedezeka. M'mawa sukulutsani gawo limodzi m'magawo 1,000 a msuzi watsopano wofunda, mudikire mpaka OD600, muyeso wa mmene msuzi wachitira mbuu, ifike pakati pa 0.2 ndi 0.4, pamene mabakiteriya amakhala pafupifupi 100 miliyoni pa mililita. Tengani sampulo yoyamba musanaike mankhwala. Popanda imeneyi ntchito yonse ilibe poyambira. Kenako ikani mankhwala owirikiza MIC ka 10 kapena kuposa. Pa E. coli wa mu labotale ambiri amaika ampicillin mamaikulogalamu 100 pa mililita. Tenganinso sampulo pa mphindi 30, pa ola 1, maola 2, 3, 5 ndi 24.

Sampulo iliyonse iyenera kutsukidwa. Ipukuseni mu centrifuge, tsanulani madzi a pamwamba, thirani madzi a mchere a 0.9 peresenti, ndipo bwerezani kawiri. Sukulutsani motsatizana, mamaikulolita 100 mu 900, mpaka machubu 6, ndipo pakani mamaikulolita 100 a chubu chilichonse pa mbale ya agar (chakudya cholimba cha mabakiteriya) yopanda mankhwala. Werengani mbale zokhala ndi ma colony pakati pa 30 ndi 300. Mukapeza 45 pa mbale ya chubu chachiwiri, ndiye 45 kuchulukitsa ndi 10, kuchulukitsanso ndi 100, amoyo 45,000 pa mililita. Mbale ya sampulo yosasukulutsa ikatuluka yopanda kanthu musalembe kuti afa onse. Mwapaka mamaikulolita 100 okha, ndiye zimene mungalembe n'zakuti amoyo ndi ochepera 10 pa mililita.

Ikani manambalawo pa galafu imene mzere uliwonse ukuimira kutsika kakhumi. Ngati pali ma persister, mzere umagwa chogwada m'maola awiri oyambirira, kenako umakhota n'kuyamba kuyenda chopingasa. Pokhotapo ndi pamene ambiri atha, ochepa olimba atsala. Ngati khamu lonse ndi lopirira, mzere sukhota, umangotsetsereka pang'onopang'ono kuyambira pachiyambi. Nthawi yophera 99 peresenti imatchedwa MDK99, ndipo ndi imene imasiyanitsa mitundu iwiri yofanana MIC. Ndi ampicillin mudzaona chubu chomwe chinali mbuu chikuyera pasanathe maola awiri, m'kati mukuyandama tinthu tonanda ta maselo ophulika. Maso amati zatha, koma mbale imaonetsa zikwi zamoyo pa mililita. Chubu choterocho chiyenera kulowa mu autoclave, makina ophera tizilombo ndi nthunzi, ngati china chilichonse, madigiri 121 kwa mphindi zosachepera 15.

Umboni womaliza ndi uwu: tengani colony imodzi ya opulumuka, ikulitseninso, muyeze MIC, mubwereze zonse. MIC ikakhala yomweyo ndipo mzere ukakhota pamalo omwe aja, anali ma persister. MIC ikakwera, munasankha wosamva mankhwala.

Zolakwika zambiri zimachokera pa msuzi wa usiku uja. Mabakiteriya amene agona usiku wonse atha chakudya, ndipo ma persister m'menemo angafike pa mmodzi mwa 100, pamene mwa amene akukula mwamphamvu amakhala mmodzi mwa 100,000 kapena ochepera apo. Mukasukulutsa pang'ono, gawo limodzi mu 100, mumasamutsa ogona aja ambirimbiri, ndipo amene mukuwerenga pamapeto ndi a dzulo amene sanadzukebe. Mukafuna kuona ma persister a khamu lomwe likukula, sukulutsani kawiri kapena katatu motsatizana msuzi usanachite mbuu kwambiri, ndipo mudzaona nambala ikugwa. Maola amene msuzi wagona akhale ofanana nthawi zonse. Wa maola 16 ndi wa maola 24 sapereka zotsatira zofanana.

Kusatsuka bwino kumanamiza mbali inayo. Mankhwala otsalira amapitiriza kupha pa agar, makamaka m'mbale zosasukulutsa, moti mumapeza mbale ya chubu choyamba ili ndi ma colony ochepa kuposa mmene ya chubu chachiwiri ikulozera. Mukaona manambala asakutsika kakhumikakhumi, kayikirani katsukidwe. Palinso mabakiteriya amene amamatirira m'mbali mwa chubu pamwamba pa msuzi, pamene mankhwala safika, n'kudzagweramo pambuyo pake. Samutsirani msuzi m'chubu chatsopano musanaike mankhwala. Staphylococcus aureus amakhala m'timagulu, ndipo kagulu ka maselo 20 kamatulutsa colony imodzi, choncho gwedezani mwamphamvu musanapake. Ampicillin amawonongeka akakhalitsa pofunda, ndiye nambala ikakwera pa maola 24 musathamangire kunena kuti apirira. Ndipo musataye mbale pa maola 16. Ma persister amachedwa kudzuka. Mbale imene lero ili ndi ma colony akuluakulu ochepa, mawa imakhala ndi timadontho ting'onoting'ono ngati nsonga ya singano pakati pawo, ndipo timeneto n'tofunika kuwerenga. Dikirani maola 48.

Kwa labotale yopanda nthawi ya zonsezi pali njira yachidule yotchedwa TDtest, imene gulu la Balaban linafalitsa mu 2017. Mukamaliza kuyeza ndi kapepala kozungulira ka mankhwala pa agar, chotsani kapepalako, ikani kena konyowetsedwa ndi shuga wa glucose pamalo omwewo, mbale igonenso usiku. Opulumuka amene anali phee m'bwalo loyera lozungulira kapepalako, mmene mabakiteriya sanamere, amalandira chakudya n'kutuluka ngati ma colony. Mlingo wa mankhwala pa kapepala koyamba uyenera kukhala wochepa moti pofika tsiku lachiwiri ukhale utatsika pansi pa MIC, apo ayi bwalolo likhala loyera ngakhale amoyo alimo.

M'thupi la wodwala

M'mafinya muli asidi, mulibe okosijeni wokwanira, ndipo mabakiteriya ambiri aima. Gentamicin amafooka kwambiri m'malo otero chifukwa salowa m'selo. Choncho chithupsa chachikulu chimafuna kutumbulidwa. Kuwonjezera mlingo wa mankhwala sikulowa m'malo mwa mpeni. Pa kachubu ka mkodzo, pa kachubu ka m'mitsempha, pa chitsulo choikidwa m'fupa kapena pa valavu ya mtima, mabakiteriya amamanga biofilm, nthenya yonanda imene amakhalamo mothithikana. Ambiri amaganiza kuti nthenyayi imangotchinga mankhwala. Imatchingadi ena, koma ciprofloxacin amalowa mpaka pansi osapha a pansiwo. Chimene chimawateteza n'chakuti a pamwamba amamaliza okosijeni ndi chakudya, a pansi n'kukhala ogona. Ndiponso maselo oyera a magazi, omwe akanamaliza otsalawo, amalephera kuwafikira. Kachubu kakakhalapobe, matenda amabwerera mankhwala akangotha.

Ena amabisala m'maselo a munthu. Salmonella amakhala m'kati mwa ma macrophage, maselo a chitetezo omeza tizilombo, osachulukana koma ali moyo, ndipo E. coli wa matenda a mkodzo amalowa m'maselo a khoma la chikhodzodzo. Koma chitsanzo chachikulu ndi chifuwa chachikulu. Bakiteriya wake, Mycobacterium tuberculosis, amagawikana kamodzi pa maola 15 mpaka 20 ngakhale zinthu zili bwino, ndipo okosijeni akasowa amatsegula majini pafupifupi 50 olamulidwa ndi puloteni ya DosR n'kuimiratu. Isoniazid amapha ochulukana mwachangu m'masiku oyambirira, wodwala n'kuyamba kumva bwino pakatha milungu yochepa. Miyezi yotsalayo ndi ya ogona aja. Rifampicin ndi pyrazinamide ndi amene amawafikira, ndipo kuwonjezera pyrazinamide ndi kumene kunatsitsa nthawi ya chithandizo kuchoka pa miyezi 9 kufika pa 6: miyezi 2 ya mankhwala anayi, miyezi 4 ya awiri. Wosiya pa mwezi wachitatu chifukwa chifuwa chaleka amakhala wasiya pamene ntchito yovuta yangoyamba. Pa chifukwa chomwechi matenda a valavu ya mtima amafuna milungu 4 mpaka 6, a m'mafupa pafupifupi milungu 6.

Izi sizikutanthauza kuti kutalikitsa mankhwala n'kwabwino nthawi zonse. Pa matenda ambiri wamba, pamene palibe mafinya otsekeka kapena chinthu choikidwa m'thupi, chitetezo cha thupi chimamaliza otsala, ndipo masiku ochepa amakwanira. Kumwa mopitirira kumangopha mabakiteriya abwino a m'matumbo n'kutsegulira njira Clostridioides difficile, bakiteriya wotsekula m'mimba, amene njere zake zogona sizifa ndi sanitaiza wa mowa. Zimafuna sopo ndi madzi m'manja, klorini pa zipangizo. Utali wa chithandizo azinena ndi dokotala, poona pamene matenda ali.

Chimene chimatidetsa nkhawa kwambiri n'chakuti kupirira kumatsegulira njira kusamva. Mu 2014 gulu la Balaban linkapatsa E. coli ampicillin tsiku ndi tsiku kwa maola 3, 5 kapena 8, kenako n'kumuchotsa. Posakhalitsa mabakiteriya anasintha majini moti ankachedwa kudzuka kwa nthawi yolingana ndi maola amene mankhwala ankakhalapo, MIC osasintha. Mu 2017 anaonetsa kuti opirirawa ndi amene ankafulumira kudzakhala osamva, chifukwa bakiteriya amene wangosintha pang'ono amafa msanga ngati si wopirira, koma wopirira amakhala ndi moyo mpaka kusinthako kutakhazikika. Kumwa modumphadumpha kungapange zofanana ndi zimenezi m'thupi.

Njira zophera ogona zikufufuzidwa. Mu 2011 gulu la James Collins linaonetsa kuti shuga ngati mannitol amadzutsa mphamvu ya pa khungu la selo moti gentamicin amalowa n'kupha ma persister a E. coli, mu labotale ndi mu mbewa. Mu 2013 mankhwala otchedwa ADEP4, amene amachititsa enzaimu ya ClpP kudya mapuloteni a selo lake lomwe, anathetsa matenda a S. aureus mu mbewa ataphatikizidwa ndi rifampicin. Izi sizinakhale chithandizo cha anthu, ndipo kumwa shuga ndi mankhwala kunyumba sikufanana nazo. Rifampicin amagwiritsidwadi ntchito pa biofilm ya Staphylococcus pa zitsulo za m'mafupa, koma osati yekha, chifukwa kusintha kumodzi kwa jini ya rpoB, kopezeka mwa bakiteriya pafupifupi mmodzi pa 100 miliyoni, kumamuthera mphamvu.

Ndiye matenda akabwerera ndi bakiteriya yemweyo ndi MIC yomweyo, choyamba si kufunafuna mankhwala amphamvu. Funsani ngati pali kachubu kamene sikanasinthidwe, mafinya osatuluka, mwala mu impso, fupa lakufa kapena chitsulo. A labotale musataye bakiteriya woyamba wa wodwala amene matenda ake ndi ozama. Musungeni mu glycerol wa 15 mpaka 25 peresenti pa madigiri 80 pansi pa ziro, mulembe tsiku ndi malo amene sampulo inachokera. Wachiwiri akadzabwera, muwadzutse onse awiri tsiku limodzi, m'msuzi umodzi, agone maola ofanana, muwapatse mankhwala amodzi, mizere iwiriyo muiike pa galafu imodzi.